Za Kumata Makalata: Yankho kwa Iwo Akuti Wobisa Mau Ali ndi Mlandu

Mwezi watha tinali ndi msonkhano wa bungwe lathu la maliro, patsinde pa mtengo wa mango, kuno ku gombe la kum'mawa kwa nyanja, pakati pa Malindi ndi Lungwena. Bungwe limeneli liri ndi miyendo iwiri: wina uli kuno kumudzi, wina uli ku Joni, kumene anyamata athu ambiri ali pa nchito. Munthu akamwalira kumeneko anzace asonkha ndarama zotumizira mtembo, ndipo ife kuno tikonza za manda ndi cakudya ca olira. Tsono mlembi wathu, mnyamata wodziwa za lamya za m'manja, anaimirira napempha kuti maina a odwala, ndi mawerengedwe a ndarama, ndi zina zotere, tileke kuzitumiza pa mauthenga wamba aja achedwa SMS, koma tizizitumiza pa njira yotsekedwa, imene mau ace awerengwa ndi wolemba ndi wolandira okha. Asanakhale pansi, mkuru wina, munthu amene ndimlemekeza ndithu, anati: "Ife sitiri mbala. Wobisa mau ali ndi mlandu. Wosalakwa alankhula pabwalo." Anthu anaomba m'manja, nkhaniyo niimikidwa kufikira msonkhano wa mwezi uno.

Ine sindinaombe nao m'manja. Koma popeza sikuyenera kutsutsa mkuru pamaso pa ana ace, ndati ndiyankhe pano polemba, pakuti mau amenewa si ace yekha. Ndawamva m'midzi yambiri, ndi kwa anthu ophunzira omwe. Amveka ngati a nzeru, koma ali ngati ngalawa yopaka utoto wokongola imene iri ndi mng'alu pansi.

Poyamba tidziwe cimene tiri kukanganirana. Akuru akumbukira kuti ku positi kunali makalata a mitundu iwiri. Kunali kalata ya m'envulopu, yomata ndi ulimbo. Kunalinso kadi, kapepala kolimba kopanda cobvala, kamene wamtokoma ali yense akadakhoza kukawerenga panjira. Lamya yakale inali ngati kadi. Pamene waya unafika ku Fort Johnston, m'zaka za m'ma 1890, pa ulendo wace wocokera ku Blantyre kunka ku Karonga, wofuna kutumiza uthenga anaupereka kwa kalaliki, ndipo kalalikiyo anawerenga liu liri lonse pakuliomba, mnzace wa kutsidya nawerenganso pakulilandira. Cifukwa cace amalonda ndi a Boma a masiku aja anali ndi mabuku ao a mau obisika, kuti kalaliki aombe cimene iye sacimva. Taonani, eni ace a waya sanaukhulupirire waya wao.

Uthenga wa SMS ndiwo mdzukulu wa lamya ija. Ucoka m'foni mwanu, ukwera ku nsanja, ulowa m'makina a kampani, nudikira m'menemo kufikira foni ya mnzanu ipezeka. M'makina a kampaniyo uli wosamata. Sindinena kuti anchito a kampani akhala tsiku lonse kuwerenga za ife, iai. Ndinena kuti uthengawo ungathe kuwerengedwa, ndi kusungidwa, ndi kuperekedwa kwa woufunsa, mwini wace wosadziwa. Ndipo kuyambira 2018, pamene tonse tinalamulidwa kulembetsa manambala athu ndi ciphaso ca unzika, nambala iri yonse iri ndi dzina ndi mudzi wa mwini wace.

Njira yotsekedwa iyenda motere. Yesani kuti mwana wanu wa ku Joni wakutumizirani bokosi la citsulo ndi loko wosatseka, koma cifungulo wasunga yekha. Inu muika kalata m'bokosimo, mukanikiza loko, natseka. Tsopano lipatseni kwa munthu ali yense, ngakhale mdani wanu, alinyamule pa basi, agone nalo ku Mwanza, aligwedeze, alinunkhize, sadzawerenga kanthu. Ndi inu nomwe amene munatseka simungatsegulenso. M'foni loko ameneyu si wa citsulo, ndiye masamu: makina asanduliza mau anu kuti akhale mulu wa manambala opanda tanthauzo, ndipo foni ya wolandira yokha iri ndi nambala yowabwezera kuti akhalenso mau. Nzeru imeneyi anaiulula poyera anthu awiri a ku America, Whitfield Diffie ndi Martin Hellman, m'caka ca 1976. Kale inali ya asilikari ndi mabanki, koma mu April 2016 a WhatsApp anaika loko wotere pa mauthenga onse a anthu ao, ndipo a Signal acita comweco. Pa intaneti pali loko winanso, amene atseka njira ya pakati pa foni yanu ndi makina a banki kapena a ofesi imene mulankhula nayo. Cizindikiro cace ndi malembo aja https poyamba pa adiresi, ndipo s wotsirizayo akasowa, njira iri pululu. Loko ameneyu anali wogula, koma kuyambira 2015 bungwe lochedwa Let's Encrypt liupereka kwaulere, ndipo mu 2018 a Google anayamba kucenjeza anthu pa Chrome za malo onse osatseka. Cotero ofesi imene iti "tiribe ndarama za loko" iri kunena za caka cina, si ca lero.

Tsono tibwere ku mau a mkuru uja. Ati wobisa ali ndi mlandu. Ndifunse: ndani mwa ife amanga bafa lopanda mpanda? Kodi wosamba walakwa? Ndani auza mudzi wonse madengu a cimanga otsala m'nkhokwe mwace mwezi wa January? Msodzi akapeza cirundu cimene utaka wasonkhanapo, kodi aimirira m'bwato ndi kuitana zombo zonse za ku Makanjira? Mwamuna ndi mkazi akayambana, makolo athu sanathamangire nao kubwalo. Anaitana ankhoswe, natseka citseko, ndipo banja limene likadasweka ndi manyazi a pabwalo linalimba cifukwa ca cinsinsi ca m'nyumba. Akuru a mpingo nao, akamva za kugwa kwa mbale, sayamba ndi kuliza belu. Makolo anati za kumzinda saulula, ndipo sananene za mbala. Ananena za ulemu. Cinsinsi ndi cina, cinyengo ndi cina. Cinyengo cibisa coipa kuti cipweteke mnzako. Cinsinsi ciphimba cofooka kuti cisapwetekedwe. Wosakaniza ziwirizi adzagwetsa mipanda ya mabafa onse m'mudzi pofunafuna mbala imodzi.

Nanga m'mauthenga a bungwe lathu muli ciani? Muli dzina la mai amene amwa mankhwala otalikitsa moyo, amene watiuza ife atatu okha kuti timthandize ulendo wa ku cipatala. Walakwira yani? Koma dzina lace likamveka pa cigayo, malonda ace a usipa adzagwa, ndi ana ace adzasekedwa kusukulu. Muli mau akuti mkazi wamasiye wakuti walandira ndarama zakuti kucokera ku Joni. Zikamveka, usiku abwera oboola khoma, usana abwera abale amene sanabwere pamaliro. Ndipo akamanga nyumba ya malata adzatuluka wina woti nkhalambayo iri ndi mankhwala. Amenewa ndiwo amene tiwauza kuti alankhule pabwalo.

Koma ciripo cina cimene cindiwawa koposa, ndico kuti mau otere anenedwe kuno, m'boma la Mangochi, kumene tiri ndi zipsera. Kodi taiwala msanga cotere? Ndiri mwana, m'zaka za m'ma 1970, amalume anga anali pa nchito ku Salisbury. Kalata yao inafika tsiku lina yong'ambidwa m'mbali ndi yomatidwanso ndi ulimbo wofiira umene sunali wao. M'katimo munali za cifuwa cao ndi za mtengo wa bulangeti, zokhazo. Koma amai anga anaiwerenga, naiponya pamoto, nakhala sabata yathunthu osagona, akumvetsera galimoto liri lonse. Kuyankha anayankha mau asanu: tiri bwino, mvula yagwa, tsalani. Kuyambira pamenepo mlongo ndi mlongo wace analemberana ngati alendo kufikira imfa inawalekanitsa. Wotsegula kalatayo sanabe tambala imodzi, koma anatibera amalume.

Mantha aja sanacokere kumwamba. Usiku wa 12 February 1965 Henry Masauko Chipembere, mwana wa ku Malindi konkuno, analowa ndi anthu ace pa boma la Fort Johnston, napitirira kunka ku Zomba, koma pa Liwonde anapeza pantoni iri tsidya lina, ndipo nkhondo yace inathera pomwepo. Sindiweruza pano za nkhondo ija. Ndinena za cimene cinatsata: dera lino lonse linakhala lokaikiridwa, midzi ina inatenthedwa, ndipo anthu ambiri anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Kulandira kalata yocokera ku Tanzania kapena ku Zambia kunali ngati kutola njoka. Ambiri a otengedwa aja anali osalakwa. Akadauzidwa kuti wosalakwa saopa kanthu, akadaseka kuseka kowawa, pakuti woyesa kulakwa sanali iwo. Anali wowerenga kalata, ndipo iye anawerenga cimene anafuna kupeza.

Mwana wina wa dera lino, Jack Mapanje wa ku Kadango, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anagwidwa mu September 1987 natsekeredwa ku Mikuyu kufikira May 1991, wosauzidwa mlandu wace pabwalo liri lonse. Za moyo wace m'ndende zinafika kwa abwenzi ace pa timapepala tobisika, toturutsidwa mwakacetecete ndi anthu olimba mtima, ndipo mwa njira imeneyo a maiko akutali anadziwa nampfuulira. Kodi onyamula timapepalato anali mbala? Ndipo kalata ija ya Aepiskopi a Katolika, imene inawerengedwa m'machalichi ao onse pa 8 March 1992, inasindikizidwa mobisa ku Balaka, nigawidwa mobisa kufikira tsiku lace. Ikadayenda pa kadi sikadafika pa guwa. Itawerengedwa, Boma linati kukhala nayo ndi mlandu, ndipo nyumba yosindikizira ija inaikidwa moto. Mau a coonadi aja ananenedwa pabwalo, inde. Koma anafika pabwalo cifukwa anayenda m'bokosi lotseka. Caka cotsatira, pa 14 June 1993, tinaponya voti, ndipo votiyonso tinaiponya mobisika, yense payekha. Sindinamve munthu wakuti woponya voti kuseri ali ndi mlandu.

Cifukwa ca zowawa zimenezi, olemba malamulo akuru a dziko mu 1994 anaika ndime 21, imene ipatsa munthu ali yense ufulu wa cinsinsi, niletsa kulowerera pa makalata ace ndi pa zolankhula zace za pa lamya. Cotero mlembi wathu sanapemphe cacilendo ca Azungu. Anapempha cimene dziko linatilonjeza titaturuka m'moto.

Wina adzati, zimenezo n'zakale, Boma la lero siliri lotero. Cabwino. Koma maboma asinthana ngati mphepo za panyanja, lero mwera, mawa mpoto, ndipo makina ogulidwa ndi mfumu yofatsa alandiridwa ndi wolowa m'malo mwace, amene sitimdziwa. Ca m'ma 2011 kunamveka kuti MACRA, bungwe la Boma loyang'anira za lamya ndi wailesi, lagula kwa kampani ya ku America ya Agilis makina oona kayendedwe ka mafoni onse. Eni ace anati ndi oyesera ubwino wa nchito ya makampani ndi kuwerengera misonkho; anthu anawacha makina aukazitape. Bwalo Lalikuru linawaletsa mu 2012, koma bwalo la apilo linawalola mu 2014. Mu April 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe, nalanda foni ndi kompyuta yace, pofuna kudziwa amene anampatsa cikalata cina ca Boma. Anamtulutsa posacedwa anthu atadandaula. Sindinena kuti tabwerera ku 1965. Ndinena kuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe, ndi kuti nkhanga zinapangana kusanapse.

Tsono pali mau amodzi a otsutsa amene ali ndi mafupa, ndipo sindiwazemba. Ati loko amene aphimba mkazi wamasiye aphimbanso wakuba, ndi wozembetsa anthu, ndi wopangana za kupha. Ndi zoona. Citseko ca nyumba naco ciphimba onse awiri, koma palibe mfumu inalamulapo kuti mudzi ugone zitseko ziri pululu kuti apolisi asabvutike. Munthu akakaikiridwa, njira iripo: apolisi anka kwa woweruza, naonetsa cifukwa, nalandira cilolezo ca kufufuza munthu ameneyo ndi foni yace. Ndi nchito yolemetsa, ndipo iyenera kulemetsa. Ena ati, tsono apange loko amene ali ndi cifungulo capadera cosungidwa ku Boma. Akatswiri a masamu amenewa anena kawiri kawiri kuti cotere sicitheka popanda kufooketsa loko wa onse. Khomo la kuseri lobooledwa cifukwa ca mfumu, fisi naye alipeza. Ndipo cifungulo cosungidwa mu ofesi cisungidwa ndi munthu, amene ali ndi ngongole, ndi cibale, ndi mkwiyo, monga ife tonse. Lamulo la 2016 la zocitika pa makina ndi pa intaneti liti wopereka nchito ya maloko otere alembetse ku MACRA. Aphungu athu ayang'anire kuti kulembetsa kusasanduke kupereka zifungulo.

Ndiponso tiyang'ane mbala zimene zitibera ife eni ace. Kodi zitibera ndi loko? Iai, zitibera ndi lilime. Aimba foni nati mwana wanu wagundidwa ndi galimoto, tumizani msanga. Kapena ati ndatumiza ndarama kwa inu molakwa, bwezani. Kapena adziyesa anchito a kampani nafunsa nambala yanu yacinsinsi. Manyuzipepala analemba kangapo kuti ena a iwo anali kuimba ali m'ndende ku Zomba. Anthu otere alimba mtima akadziwa dzina lanu, ndi la mwana wanu, ndi tsiku limene mwalandira ndarama. Uthenga wosamata ndiwo munda wao. Kuleka kumata makalata cifukwa ca mbala kuli ngati kugwetsa khola cifukwa kuli afisi.

Kwa anyamata amene akondwera kuti ndawaimira, ndiri ndi mau owawa pang'ono. Loko wanu si mankhwala a zonse, ndipo mukamtama kopitirira mudzapweteketsa anthu. Abisa mau, koma sabisa kuti wakuti analankhula ndi wakuti, tsiku lakuti. Ateteza kalata panjira, koma ikafika alibenso mphamvu. M'gulu la anthu 80 muli pakamwa 80, ndipo mmodzi akajambula mau anu nawatumiza kwina, masamu a Diffie sadzakuthandizani. Mu 2022 namwino wina ku Ntcheu anagwidwa cifukwa ca mau amene analemba za mtsogoleri wa dziko m'gulu la WhatsApp. Loko sanathyoledwe, mauwo anaturukira pakhomo. Ndipo kuno kwathu foni igona ku sitolo yochajitsa usiku wonse yosatseka. Ibwerekedwa kwa mlamu. Agogo osaona bwino apatsa mdzukulu kuti awawerengere, mdzukuluyo nakamba kudambwe. Mwina wina akuimbirani napempha manambala 6 aja amene afika pa foni yanu, inu nimupereka, ndipo mwampatsa cifungulo ca nyumba yonse. Bokosi la citsulo losiyidwa pa msika ndi cifungulo cace pamwamba liposa kadi ndi kulemera kokha.

Cotsala ndi umphawi, ndipo ici ndico cimene mkuru uja akadanena, ndikadakhala cete kanthawi. Ambiri a ife tiri ndi foni za mabatani zimene sizidziwa WhatsApp, ndipo amene ali nazo zazikuru alira mtengo wa bandulo. Sitingauze mai wogulitsa nkhuni kuti agule foni ya mtengo wa mbuzi ziwiri. Koma kusowa envulopu sikusanduliza kadi kukhala envulopu. Wokhala ndi foni ya mabatani adziwe cimene ali naco, nalembe pa SMS cokhaco cimene akadanena mokweza pa msika wa ku Namwera: msonkhano uliko Laciwiri, mtembo ufika mawa. Zina zija, za matenda ndi za ndarama, ziyende pa njira yotseka pakati pa mlembi wa kuno ndi wa ku Joni, ndipo kuno zifike kwa mwini wace ndi miyendo, monga kale. Mudzi wathu si waukuru kotero kuti munthu sangayende.

Ndipo katundu wamkuru asasenzetsedwe amphawi. Zipatala, masukulu, mabanki, maofesi a Boma, ndi maofesi a mipingo yathu yomwe, asunga maina athu, matenda athu ndi ngongole zathu m'makina. Lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu liwalamula kuzisunga bwino. Ine ndinaona ndi maso anga, pa ofesi ina imene sindiichula, mndandanda wa odwala uli kutumizidwa kucokera pa foni ya kalaliki kunka ku gulu la anchito onse, alonda ndi oyendetsa galimoto omwe, cifukwa kunali kofulumira kutero. Nditafunsa anandiyankha kuti palibe wadandaula. Adzadandaula bwanji munthu wosadziwa kuti wabvulidwa?

Pa msonkhano wa mwezi uno ndidzapempha zinthu zocepa. Maina a odwala asalembedwenso pa SMS kapena m'gulu lalikuru, koma adziwike kwa atatu amene wodwala mwini wawasankha. Mawerengedwe a ndarama ayende pa njira yotseka pakati pa alembi awiri ndi asungicuma awiri. Buku la bungwe lidzawerengedwabe poyera pa msonkhano, kwaca iri yonse yolowa ndi yoturuka, kuti pasakhale wonena kuti loko wabisa kuba, koma dzina la wolandira cithandizo lisachulidwe iye asanalole. Foni ya mlembi ikhale ndi nambala yotsekera, ndipo isagone ku sitolo. Mkuru uja ndidzamuyendera kwao madzulo a tsiku lotsogolera msonkhano, tikakambe awiri pakhonde, pakuti iyenso anali ndi mbale wace amene anatengedwa mu 1965, ndipo za ameneyo sanenapo pabwalo kufikira lero.